Kodi kamela yakale ya filimu ingagulidwe zingati masiku ano?

CHONGWE. M'nyumba zambili za m'boma lino, m'masutikesi ndi m'mabokosi a malata a pansi pa bedi, mukali makamela amene analeka kugwila nchito pamene mafoni ojambula zithunzi anafala. Ena anali a aphunzitsi, ena a asilikali, ndipo ena anali a ojambula oyendayenda amene anadyetsa mabanja awo ndi nchito imeneyi. Tsopano kwamveka mbili yakuti makamela otele akufunidwanso ndipo akugulidwa ndi ndalama zambili. Mbili imeneyi ili ndi coonadi cake, koma si kamela iliyonse imene ili ndi mtengo. Ina ingagulidwe ndi ndalama ya thumba limodzi la unga, ina ingalipile mwana sukulu, ndipo pakuziona ndi maso cabe zingaoneke zolingana.

Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 kufikila kumayambililo kwa zaka za m'ma 2000 akukumbukila mmene nchitoyi inali kuyendela. Wojambula anali kufika pa njinga, kamela ili pakhosi, pa ukwati, pa ubatizo, pa tsiku lomaliza maphunzilo ku Chalimbana, kapena pa mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, umene umacitika mvula isanayambe ku likulu la mfumu yaikulu yaikazi Nkomeshya Mukamambo II. Wacinyamata wokwanitsa zaka 16 anali kufuna kacithunzi ka pa citupa ca NRC. Filimu imodzi inali kutenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula sanali kupita kukatsukitsa kufikila itadzala. Pamenepo anali kukwela basi pa mseu wa Great East, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 45 kupita ku Lusaka, ndipo eni zithunzi anali kudikila mlungu kapena milungu iwili, atalipila kale theka la ndalama.

Malonda amenewa anagwa mofulumila. Kamela yoyamba ya dijito inapangidwa ndi Steven Sasson mu 1975 ku kampani ya Kodak, yomwe inali mfumu ya filimu padziko lonse. Patapita zaka 30, zotulukapo zake zinaonekela poyela. AgfaPhoto ya ku Germany inagwa mu 2005. Mu 2006 Nikon inalengeza kuti ikuleka kupanga makamela ake ambili a filimu, ndipo m'caka comweco Konica Minolta inacokelatu m'malonda a makamela. Filimu yochuka ya Kodachrome inalekeka mu 2009, ndipo mu January 2012 Kodak yeniyeniyo inapita ku khoti kukapempha citetezo cifukwa ca nkhongole. M'zaka zimenezo kamela ya filimu inali ngati wailesi yopanda mabatili. Ambili anaipatsa ana kuti aziseweletsa.

Cimene cinadabwitsa anthu ndi cakuti filimu sinafe. Acinyamata a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, amene anabadwa foni ili kale m'manja, anayamba kukonda maonekedwe a zithunzi za filimu. Kodak inabwezanso filimu ya Ektachrome mu 2018. Leica inayambanso kupanga kamela yake ya M6 mu 2022. Mu June 2024 kunatuluka kamela yatsopano ya filimu yochedwa Pentax 17, pa mtengo wa madola pafupi-fupi 500. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mtengo. Ofuna kujambula ndi filimu aculuka, makamela atsopano ndi owelengeka ndiponso odula, pamene akale sakupangidwanso ndipo caka ciliconse ena amaonongeka. Cinthu cikamacepa ofuna ali kuculuka, mtengo umakwela, monga zimacitikila ndi cimanga mu January.

Nkhani ya mamiliyoni

Cimene cimasokoneza anthu ambili ndi nkhani ya kamela imodzi. Mu June 2022, mu mzinda wa Wetzlar ku Germany, kamela ya Leica ya nambala 105 inagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wa mayulo 14.4 miliyoni. Nkhaniyo ndi yoona, koma amene amaifalitsa pa WhatsApp sanena zifukwa zake. Kamelayo inali imodzi mwa zoyesela zosapitilila 25 zimene zinapangidwa mu 1923, zaka ziwili Leica isanayambe kugulitsidwa m'masitolo, ndipo inali ya Oskar Barnack, munthu amene anaipanga. Ogula sanali kugula cojambulila. Anali kugula mbili.

Makamela amene anafika m'midzi yathu ndi a mtundu wina. Anapangidwa m'mamiliyoni. Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambila mu 1976 kufikila mu 1997, inagulitsidwa yopitilila 3 miliyoni. Olympus Trip 35, ya pakati pa 1967 ndi 1984, nayonso inagulitsidwa m'mamiliyoni. Cinthu copezeka cotelo sicikhala codula cifukwa ca ukalamba cabe. Ngakhale bokosi la Kodak Brownie, limene linayamba kugulitsidwa mu 1900 pa dola imodzi, kawili-kawili limagulidwa ndi ndalama zocepa lelo, cifukwa analipo ambili-mbili.

Ndipo cenjelani ndi Leica yonyezimila ngati golide imene munthu angakuonetseni mobisa. Makamela ambili otele ndi a FED kapena Zorki a ku Soviet Union amene anthu acinyengo anapukuta ndi kuzokotapo dzina la Leica.

Cimene wogula amayang'ana

Funso loyamba la wogula wodziwa silikhala la caka cimene kamela inapangidwa. Amafunsa ngati filimu yake ikali kupezeka. Filimu ya 35 mm ndi ya 120 zikupangidwabe. Koma makamela a Kodak Instamatic, amene anayamba mu 1963 ndipo anali m'mabanja ambili, amagwilitsa nchito kabokosi ka filimu ya 126, kamene Kodak inaleka kupanga mu 1999. Cimodzimodzi makamela a Disc ndi a APS. Kamela yopanda filimu ndi cokongoletsela pa kabati, ndipo mtengo wake ndi wa cokongoletsela.

Funso laciwili ndi lakuti kodi kamelayo imayenda ndi masipuling'i ndi timagiya, kapena imadalila magetsi. Apa ndiye pali ulemu wa K1000. Shata yake, kaja kacitseko kamene kamatseguka kwa kamphindi kuti kuwala kufike pa filimu, imagwila nchito popanda batili. Kabatili kamene kali mkati ndi ka coyezela kuwala cabe. Munthu waluso angathe kuitsegula, kuitsuka ndi kuikonza, ndipo masukulu ambili ophunzitsa kujambula anaikonda pa cifukwa cimeneci. Ikakhala yabwino ndiponso ili ndi lenzi yake ya 50 mm, pa misika ya kunja imagulidwa kawili-kawili pakati pa madola 100 ndi 250. Zoyambilila, zolembedwa dzina la Asahi pamphumi, zimakondedwa kuposa zomalizila zimene zinapangidwila ku China ndi zivindikilo za pulasitiki. Nikon FM2, ya kuyambila mu 1982 kufikila mu 2001, nayonso siidalila batili ndipo imadula kuposa pamenepo.

Canon AE-1 ya 1976 ndi yochuka kwambili ndipo imafunidwa, koma popanda batili ya mavoti 6 siijambula konse. Ambili amaiyesa yakufa pamene vuto ndi batili cabe, nagulitsa pa mtengo wa cinthu cakufa. Ilinso ndi matenda ake odziwika: kacitseko ka batili kamathyoka msanga, ndipo mafuta a mkati akauma imalila ngati mbewa pojambula.

Zenit ya ku Soviet Union, yolemela ngati njelwa, ambili akuikumbukila. Thupi lake lili ndi mtengo wocepa, koma musafulumile kuitaya. Lenzi ya Helios-44 imene imabwela nayo imafunidwa ndi ojambula mavidiyo, amene amaimangilila pa makamela a dijito, ndipo nthawi zambili lenziyo imaposa thupi pa mtengo. Zimenezi zimacitikanso ndi makamela ena. Wogula wocenjela angakuuzeni kuti kamela ndi yakufa, nakupatsani ndalama ya basi, pamene maso ake ali pa lenzi.

Amene makolo awo anali ndi situdiyo ayang'ane kamela ya maso awili, yoyang'anila pamwamba itagwilidwa pamimba. Yashica Mat-124G, ya pakati pa 1970 ndi 1986, imatenga zithunzi 12 pa filimu ya 120 ndipo ili ndi msika wabwino. Ikakhala Rolleiflex ya ku Germany, musagulitse tsiku lomwelo. Funsani kawili kapena katatu.

Codabwitsa kwambili cili pa tumakamela tung'ono toika m'thumba, tumene ojambula enieni anali kutunyoza. Twambili mwa itu, twa pulasitiki topanda dzina, tulibe mtengo uliwonse. Koma Olympus mju-II ya 1997 ndi Yashica T4 zimagulidwa ndi madola mazana angapo. Contax T2 ya 1990 inakwela mtengo kwambili pambuyo pakuti Kendall Jenner, wochuka pa zovala ku America, anaonekela nayo pa wailesi ya kanema mu 2017, ndipo yakhala ikugulidwa ndi madola opitilila 1,000. Kunena zoona, umenewu ndi mtengo wa fasho. Kampani ya Kyocera inaleka kupanga Contax mu 2005, zipangizo zosinthila n'zosowa, ndipo magetsi a mkati akafa kamelayo imakhala yovuta kukonza. Amene ali nayo yamoyo ndipo saigwilitsa nchito alibe cifukwa cacikulu coisungila.

Mvula, fumbi ndi cuku

Dzina la kamela limangoika malile a mtengo. Cimene cimagamula ndi mmene yasungidwila, ndipo nyengo yathu siicitila cifundo magalasi. Kuyambila mu November kufikila mu April cinyontho cimalowa m'masutikesi, ndipo m'kati mwa lenzi mumamela cuku. Cotsani lenzi, iunikeni ndi toci kucokela kumbuyo, muyang'ane. Tumadontho twa fumbi si vuto lalikulu. Koma mukaona tumizele toyela tofalikila ngati ukonde wa kangaude, cimeneco ndi cuku. Cikakhala catsopano cimatsukika. Cikakhalitsa cimadya utoto wopyapyala wa pa galasi ndipo cipsela cake sicicoka. Cikwama cacikopa, cimene eni ake anali kuganiza kuti cikuteteza kamela, ndico cimasunga cinyontho. Ndi bwino kuika kamela pa malo ouma, opita mphepo, kapena m'cigubu cotseka bwino pamodzi ndi tumapaketi twa silika tumene tumapezeka m'mabokosi a nsapato.

Tsegulani malo a batili. Mukapeza zoyela kapena zobiliwila ngati ndele, ndiye kuti batili inatayikila, ndipo mwina yadya mawaya. Palinso vuto lina pa makamela monga Olympus OM-1, Minolta SR-T 101 ndi Yashica Mat ija. Anapangidwila mabatili a mekyuli a mavoti 1.35, amene analetsedwa cifukwa ca poizoni wake. Mabatili a lelo a mavoti 1.5 amalowa, koma amanamiza coyezela kuwala. Wogula wodziwa amacidziwa cimeneci ndipo sicigwetsa mtengo kwambili.

Shata mungaiyese nokha. Mutatsimikiza kuti mulibe filimu, tsegulani kumbuyo, lozani kamela ku windo, mujambule pa liwilo lililonse. Pa nambala 1 iyenela kutseguka kwa sekondi imodzi yathunthu ndi kutsekeka yokha. Ikazengeleza kapena kukakamila, mafuta auma. Pa Olympus Trip 35 kuyesa n'kosavuta: ikani pa cilembo A, phimbani lenzi ndi dzanja, mukanikize batani. Kambendela kofiila kakaonekela poyang'anila ndipo batani likakana, coyezela kuwala cikali camoyo. Tumasiponji twakuda twa m'mbali mwa citseko, tumene tumachinga kuwala, tumasungunuka ngati phula pakapita zaka. Ilo ndi vuto laling'ono, losinthika ndi ndalama zocepa.

Cimene simuyenela kucita ndi kuyesa kukonza ndi mafuta a makina osokela, palafini kapena mafuta ophikila. Kamela yauve koma yosakhudzidwa imagulidwa bwino kuposa imene yathilidwa mafuta kapena kutsegulidwa ndi mpeni. Musakakamize ciliconse cimene cakana kutembenuka. Ndipo musataye bokosi lake, kabuku ka malangizo, civindikilo ca lenzi kapena lisiti, pakuti zonsezi zimaonjezela mtengo.

Mtengo wa pa intaneti si wa m'thumba

Ambili amalemba dzina la kamela pa foni, naona mtengo waukulu pa eBay, nayamba kuwelengela malata a nyumba. Mtengo umene munthu walemba ndi cikhumbo cake cabe. Aliyense angalembe madola 900 pa cinthu cimene cidzakhala zaka zitatu osagulidwa. Cofunika ndi kuyang'ana mbali yoonetsa zimene zinagulidwa kale, ndi kuyelekeza ndi kamela yolingana ndi yanu pa dzina, pa lenzi ndi pa thanzi lake. Mitengo yapamwamba ndi ya makamela amene anayesedwa ndi filimu, ogulitsidwa ndi sitolo imene imalola kubweza katundu. Kamela yolembedwa kuti sinayesedwe imagwa mtengo kwambili.

Tiyelekeze kuti kamela yanu ingagulidwe madola 150 ku London kapena ku Johannesburg. Pa ndalamayo, msika wa pa intaneti umadulapo gawo lopitilila 10 pa 100 alionse. Kutumiza katundu wolemela pafupi-fupi kilogalamu imodzi kucokela ku Lusaka pa ndege kumadya gawo lina lalikulu. Wogula angalipitsidwe msonkho kwao, ndipo akapeza cuku cimene simunachule adzabweza katunduyo. Pamafunikanso njila yodalilika yolandilila ndalama zocokela kunja. Zonsezi zikacotsedwa, wogula wa ku Lusaka amene akupeleka ndalama yocepelapo koma ya m'manja angakhale kuti sakukubelani. Msika wa kuno ndi waung'ono: ophunzila zojambula, ojambula maukwati ofuna maonekedwe akale, alendo, ndi eni malo odyela ofuna zokongoletsela. Omalizawa amagula ngakhale yakufa, koma pa mtengo wa cokongoletsela.

Acikulile ena amakumbukila kuti anagula kamela pa K800,000 kapena kuposa, ndipo amakhumudwa akamva mtengo wa lelo. Tikumbukile kuti pa 1 January 2013 kwaca inacotsedwa mazilo atatu, motelo K800,000 ya nthawi ija ndi K800 pa kawelengedwe ka tsopano, ngakhale kuti mphamvu yake yogulila inali ina.

Pogulitsa kudzela pa Facebook kapena WhatsApp, kumanani masana pa malo a anthu ambili. Musapeleke katundu cifukwa ca uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zalowa. Yang'anani nokha mu akaunti yanu ya Airtel Money kapena MTN MoMo. Wogula amene akukuuzani kuti muyambe mwatumiza ndalama ya msonkho kapena ya mapepala kuti iye akutumizileni madola ndi wakuba. Cimodzimodzi amene amanong'ona kuti m'zinthu zakale muli mekyuli yofiila ya mamiliyoni. M'kamela mulibe cinthu cotelo.

Kodi ndi ya yani?

Makamela ambili amene akutuluka m'masutikesi ndi a anthu amene anatisiya, ndipo apa pangabuke mkangano woposa mtengo wa kamelayo. Lamulo la dziko lino la 1989 lokhudza cuma ca munthu womwalila wosasiya wilo limagawa motele: 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene anali kudalila malemuyo. Katundu wa m'nyumba ndi zinthu zimene munthu anali kugwilitsa nchito payekha zimapita kwa wamasiye ndi ana, koma zipangizo za bizinesi siziwelengedwa m'gulu limeneli. Motelo kamela ya wojambula amene anali kudyela nchitoyo ingawelengedwe pa cuma cogawidwa. Mphwake kapena mlamu amene waipeza alibe mphamvu yoigulitsa payekha. Nkhaniyo iyenela kudzela kwa woyang'anila cuma ca masiye amene anaikidwa ndi khoti, ndipo banja lidziwe mtengo weniweni lisanavomele.

Zimene zili m'bokosi limodzi ndi kamela

Pali cinthu cimene ogula makamela safunsa, ndipo mabanja amacitentha posesa m'nyumba: manegativu, tumizele twa filimu tofiilila kapena takuda tumene tunali kubwela m'envulopu pamodzi ndi zithunzi. K1000 ilipo mamiliyoni, koma negativu ya ukwati wa ku Kanakantapa kapena ya msika wa Chongwe mseu usanakonzedwe ilipo imodzi yokha padziko lonse.

Ku Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo mu Bamako mu 1948, najambula anthu wamba ovala zovala zao za pa cikondwelelo. Anasunga manegativu ake mosamala, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zithunzi zake zinayamba kuonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Paris ndi ku New York. Mnzake Malick Sidibé, wojambula madansi a acinyamata a mu mzinda womwewo, analandila mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Palibe amene amafunsa kuti makamela ao angagulidwe zingati.

Kuno kwathu zayambikanso. Mu 2018, ku Fine Art Studios, imodzi mwa masitudiyo akale kwambili mu Lusaka, kunapezeka zithunzi zambili zimene eni ake sanabwele kudzatenga. Sana Ginwalla anazisonkhanitsa pansi pa dzina lakuti Zambia Belonging, ndipo zakhala zikuonetsedwa kwa anthu. Zithunzi za Alick Phiri, mmodzi wa ojambula akale a m'misewu ya Lusaka, zinatuluka m'buku lochedwa Lusaka Street. Si negativu iliyonse imene idzabweletsa ndalama, ndipo zambili sizidzatelo. Koma wojambula amene anayenda pa njinga m'midzi ya Asoli kwa zaka 20 anasiya kaundula wa nkhope, zovala, masukulu ndi miyambo umene ngakhale nyumba yosungila zakale ya National Archives of Zambia ingaufune. Pogulitsa kamela, manegativu asapite nao ngati mbasela. Asungeni m'mapepala ouma, osati m'pulasitiki yomata, muwagwile m'mbali mokha, ndipo lembani pa envulopu dzina la malo ndi caka pamene acikulile odziwa akali moyo. Masiku ano negativu imatha kujambulidwa ndi makina n'kuikidwa pa foni.

Cotsiliza ndi filimu imene ingakhale ikali m'kati mwa kamela. Musanatsegule citseko ca kumbuyo, tembenuzani pang'onopang'ono kacogwilila kobwezela filimu, motsatila muvi. Kakazungulila mopepuka, mulibe kanthu. Kakalimba, muli filimu, ndipo mukatsegula pa kuwala zithunzi zimene zajambulidwa zidzaonongeka nthawi yomweyo. Kanikizani kabatani ka pansi pa kamela, bwezani filimu yonse m'kacigubu kake kufikila itapepuka, ndiyeno tsegulani. Filimu yakuda ndi yoyela imapilila zaka zambili. Yamitundu imasuluka, maka-maka ikakhala pa malo otentha, komabe nthawi zambili nkhope zimaoneka. Ngati pa kacigubu palembedwa C-41, malo otsukila filimu yamitundu angathe kuitsuka. Ngati palembedwa Kodachrome, mankhwala ake analeka kupangidwa ndipo malo omaliza kuitsuka, ku Kansas m'dziko la America, analeka kulandila filimuyo kumapeto kwa 2010, motelo ingatsukidwe cabe ngati yakuda ndi yoyela.